Mafunso a omvera: Kodi boma limathandiza kulipira lendi?

WOWULUTSA: Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wogulitsa tomato pa msika wa Migowi. Akuti nyumba yawo inagwa ndi namondwe wa Freddy, pano akuchita lendi kachipinda kamodzi ndi ana anayi, bambo anamwalira. Akufunsa kuti akalembetse kuti kuti boma liziwalipirira lendi.

KATSWIRI: Pepani mayi ndi zomwe zinakugwerani. Ndisakunamizeni, m'Malawi muno mulibe ndondomeko ya boma yolipirira anthu osauka lendi. Choyandikira ndi Mtukula Pakhomo, yomwe inayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo kuno ku Phalombe ilipo. Ndalama zake n'zochepa, komatu sakuuzani chogula, mukhoza kupereka kwa alandilodi.

Oyenera ndi ati? Pakhomo pakhale umphawi wadzaoneni, komanso pasakhale munthu wamphamvu zogwira ntchito wa zaka 19 mpaka 64. Akakhalapo, akhale kuti akusamalira yekha anthu oposa atatu. Inu muli nokha ndi ana anayi, ndiye apa pali poyambira. Vuto ndi lakuti amatenga mabanja pafupifupi 10 mwa 100 aliwonse, oyenera ambiri amatsala. Pitani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma, mukafunse ngati banja lanu lili m'kaundula. Adziwitseninso amfumu a komwe munachokera, chifukwa anthu a lendi amaiwalika kawirikawiri kalembera akamayenda m'midzi, ndipo ine zimenezi zimandipweteka.

WOWULUTSA: Bambo wina wa ku Chiringa akuti munthu wawauza kuti apereke kangachepe awalembe pa malata ndi simenti.

KATSWIRI: Bambo, musapereke ngakhale tambala. Ndondomeko ya malata ndi simenti otsika mtengo inabwera mu ulamuliro woyamba wa Peter Mutharika, ndipo mayina ankadutsa m'makomiti a m'midzi ndi kwa DC, osati mwa munthu woyendayenda. Ambiri ankalandira zipangizozo ngati ngongole yobweza theka la mtengo wake. Kafunseni kwa DC ngati pali kalembera aliyense, ndipo mukamunene munthuyo kupolisi.

WOWULUTSA: Yomaliza yachokera kwa agogo a kwa Nkhulambe omwe akulera adzukulu amasiye. Anamva kuti mabungwe amamangira anthu nyumba.

KATSWIRI: Agogo, n'zoona. Habitat for Humanity yakhala ikugwira ntchito m'dziko muno kuyambira 1986, ndipo mabanja olera ana amasiye ndi anthu aulumali ndi ena mwa omwe imawaganizira. Koma kawirikawiri mabungwe salandira makalata a munthu mmodzimmodzi. Amadzera ku khonsolo, kenako kwa mafumu ndi makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'mudzi. Dzina lanu likhale kumeneko.

Konzanitu nkhani ya malo. Palibe bungwe lomwe lingamange pamalo amkangano, kapena m'njira ya madzi. Napolo wa 1991 ndi Freddy wa mu Marichi 2023 anationetsa komwe miyala ndi matope zimadzera zikamatsika m'mapiri a Michesi ndi Mulanje. Ngati malo anu ali m'khwawa, pemphani amfumu malo ena okwera. Kuno malo amayendera kuchikazi, choncho itanani eni mbumba, mugwirizane pamaso pa amfumu kuti nyumbayo idzakhala ya adzukuluwo, ndipo zilembedwe papepala.