Woimba wa pa foni nayenso ndi mnansi

Phunziro la sabata ino la m'miphakati ndi m'mabanja

Malembo owerenga: Eksodo 20:16, Mateyu 12:33-37, Yakobo 3:1-12

Nkhani zinkadikira sitima

Mbungo ndi umodzi mwa midzi ya pachilumba cha Likoma, chilumba cha Malawi chimene chazunguliridwa ndi madzi a dziko la Mozambique. Kale, kupatula zomveka pa wailesi, nkhani zambiri za kumtunda zinkadikira sitima. Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanja kuyambira mu 1951, inkabweretsa makalata, nyuzipepala ndi apaulendo. Nkhani inkafika itapola, ndipo woibweretsa ankadziwika nkhope. Akanama, anthu ankadziwa khomo lake.

Lero zinthu zasintha. Msodzi wa ku Mbungo amene akusoka ukonde pansi pa mlambe amalandira uthenga nthawi imodzi ndi mlongo wake wa ku Ndirande kapena ku Area 25. Foni imamubweretsera ndalama zochokera kwa ana ake, mtengo wa usipa ndi uthenga wa matenda. Imamubweretseranso nkhani za oimba, osewera mpira ndi ochita zisudzo: wina watulutsa nyimbo, wina banja lake latha, wina akuti wamwalira. Aliyense amaikapo maganizo ake, ku Mbungo chimodzimodzi m'minibasi ya mumzinda. Funso la phunziroli ndi lakuti: kodi Mkhristu azilankhula bwanji za anthu amene amangowaona pa foni?

Chida sichilakwa

Akuluakulu ena amati foni yawononga ana. Achinyamata amayankha kuti foni ndi sukulu yawo, msika wawo ndi bwalo lawo lochezera. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, koma Mpingo suda chida. Pa Likoma pomwepo, amishoni a Anglican a bungwe la UMCA anaika makina osindikizira, ndipo mu 1893 anayamba kutulutsa nyuzi yotchedwa Nyasa News. Pa 4 December 1963, Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican unatulutsa chikalata cha Inter Mirifica, chimene chinaphunzitsa kuti njira zofalitsira mauthenga zimapindulitsa anthu zikagwiritsidwa ntchito bwino. Kuyambira mu 1967 Mpingo umakumbukira Tsiku la Zofalitsa Mauthenga chaka ndi chaka. Radio Maria Malawi ya ku Mangochi ndi Luntha TV ya ku Balaka ndi zipatso za chiphunzitso chimenechi.

Zosangalatsa nazonso si tchimo. Gulu la Alleluya Band linabadwira pa parishi ku Balaka, ndipo m'menemo munakulira malemu Lucius Banda. Kutsutsana za Bullets ndi Wanderers, kapena kunyadira zigoli za Temwa Chawinga ku America, ndi mchere wa macheza. Pamene Patience Namadingo anaimba limodzi ndi agogo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, nyimbo ya Linny Hoo inafalikira pa TikTok mpaka kumaiko akutali, ndipo nkhalamba imene ambiri anali ataiiwala inalandira ulemu wake ikadali moyo. Anachita zimenezi ndi anthu wamba, aliyense potumizira mnzake. Chala chimene chinakweza agogowa n'chomwecho chimene chimatha kugwetsa munthu.

Phunziro la pa Chipyela

Tchalitchi chachikulu cha Petulo Woyera cha pa Likoma, chimene anayamba kumanga mu 1903, chili pamalo otchedwa Chipyela. Dzinali limakumbutsa za moto, chifukwa pamalopo ndi pamene ankawotchera anthu oganiziridwa ufiti. Moto umenewo sunkayamba ndi nkhuni. Unkayamba ndi mawu: wina wanong'oneza, wina wavomereza, wina wawonjezera, mpaka mudzi wonse wagamula mlandu. Amishoni anamanga nyumba ya Mulungu pamalo pomwepo, ndipo pamene pankamveka kulira panayamba kumveka nyimbo za mapemphero.

Mtima woyatsa motowo sunathe. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafalikira ku Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka ku Blantyre, ndipo anthu angapo anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya popanda umboni uliwonse. Ambiri mwa amene anafalitsa nkhaniyo sanagwire mwala kapena chibonga. Anangonena zimene anamva. N'chifukwa chake kalata ya Yakobo imayerekeza lilime ndi kamoto kakang'ono kotha kutentha nkhalango. Masiku ano lilime lasamukira ku chala, ndipo gulu la pa WhatsApp likhoza kusanduka Chipyela: munthu amaimbidwa mlandu, kuweruzidwa ndi kuwotchedwa mbiri yake iye kulibe.

Ambiri amadzikhululukira ponena kuti munthu wotchuka anasankha yekha moyo wa poyera. N'zoona kuti nyimbo yake, sewero lake ndi mawu amene wanena pagulu n'zoyenera kukambidwa. Kunena kuti nyimbo siinakome, kapena kuti mawu ake sakuyenera ana, ndi ufulu, ndipo kwa makolo ndi udindo. Koma matenda ake, banja lake, thupi lake ndi ana ake si katundu wa anthu onse. Woimba ali ndi mayi amene amawerenga ndemanga zija. Ali ndi mwana amene mawa akakhala m'kalasi limodzi ndi ana a onyozawo. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Zimene Mpingo umaphunzitsa

Lamulo lachisanu ndi chitatu limaletsa kuchitira mnansi umboni wonama, ndipo silipatula anthu otchuka. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2477, amatchula njira zitatu zowonongera mbiri ya munthu. Yoyamba ndi kuweruza mopupuluma, kutanthauza kukhulupirira choipa cha munthu popanda maziko okwanira. Yachiwiri ndi kujeda, kuulula zofooka za munthu kwa anthu amene sankazidziwa popanda chifukwa chomveka. Yachitatu ndi kusinjirira, kunamizira munthu. Njira yachiwiriyi ndi imene imakola Akhristu ambiri, chifukwa amaganiza kuti nkhani ikakhala yoona ndiye kuti palibe tchimo. Nkhani yoona imathanso kupha munthu ikaperekedwa kwa amene saifunikira.

Ndime 2487 imawonjezera kuti wolakwira choonadi ali ndi udindo wokonza zimene wawononga, ngakhale atakhululukidwa kale. Choncho kulapa kwa ansembe sikutseka nkhani. Amene anatumiza bodza ku gulu la anthu makumi asanu ayenera kubwerera ku gulu lomwelo ndi kunena kuti analakwitsa.

Pali vuto linanso latsopano: maso ayamba kunamizidwa. Mu 2023 chithunzi cha Papa Francis atavala chijekete choyera chofufuma chinazungulira dziko lonse, ndipo ambiri anachikhulupirira, chonsecho chinapangidwa ndi kompyuta. Ngati makina angaveke Apapa chovala chimene sanavale, angathenso kuika mawu m'kamwa mwa woimba, wansembe kapena mwana wa sukulu. Kuona chithunzi kapena kumva mawu pa foni sikulinso umboni wokwanira.

Chitsanzo chabwino chilipo. Carlo Acutis, mnyamata wa ku Italy amene anamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15, ankakonda kompyuta ndi masewero ake monga anzake onse. Luso lake analigwiritsa ntchito posonkhanitsa pa intaneti nkhani za zozizwitsa za Ukaristia. Papa Leo XIV anamulengeza kukhala woyera pa 7 September 2025.

Zoyenera kuchita

Asanatumize nkhani, Mkhristu adzifunse: yachokera kwa yani, ndipo kodi nyumba youlutsa nkhani yodziwika yaitsimikiza? Uthenga wa imfa udikire achibale a munthuyo. Zithunzi za ngozi, za maliro ndi zamaliseche zithere pa foni imene zafikira. Kuwonjezera pa tchimo, lamulo la dziko la 2016 lokhudza za pa intaneti limalanga ozunza anzawo kudzera m'njira zimenezi. Oyang'anira magulu a WhatsApp a kwaya, a mphakati ndi a achinyamata akhale oyamba kudzudzula mwachikondi. Makolo asamangolanda mafoni; akhale pansi ndi ana, amvere nawo nyimbo zawo, akambirane tanthauzo lake.

Ilala inkapatsa nkhani masiku oti ipole. Foni sipereka mpata umenewo, choncho mwini foniyo ndiye aupereke: nkhani yokhudza mbiri ya munthu igone usiku umodzi isanapite kwa wina.

Mafunso okambirana

1. Kodi kudzudzula nyimbo ndi kunyoza woimba zimasiyana pati?
2. Ndi nkhani yanji imene inafalikira m'dera lino kenako n'kupezeka yabodza? Inapweteka yani, ndipo alipo amene anapepesa?
3. Ndi malamulo ati atatu amene mphakati ungagwirizane okhudza gulu lake la WhatsApp?