Mkate, Madzi ndi Tulo: Mmene Mulungu Anasamalira Thupi la Eliya

PHUNZIRO LA SABATA INO
Werengani: 1 Mafumu 19:1-8

Mphepo yozizira yafika, ndipo m'nyumba zambiri muli chimfine ndi chifuwa. Nyengo ino mafoni athu amadzaza ndi malonda: tiyi wotsuka magazi, ufa wopatsa mphamvu, botolo la immune booster limene ati limachiza matenda onse. Ena ogulitsa ndi abale amene timakhala nawo pabenchi imodzi Lasabata, ndiye kukana kumavuta. Musanatulutse ndalama ya ndiwo, tsegulani Baibulo muone zimene Mulungu anapatsa mtumiki wake tsiku limene thupi linakana.

MNENERI WA MOTO PANSI PA MTENGO

Eliya uyu ndi yemweyo amene anapemphera pa phiri la Karimeli moto nkutsika, anapemphereranso mvula nkugwa, kenako anathamanga patsogolo pa galeta la Ahabu mpaka ku Yezreeli. Kudzoza kunalipo ndithu. Koma Yezebeli atamuopseza, anathawira ku Beereseba, nasiya mnyamata wake kumeneko, nayenda tsiku lathunthu m'chipululu. Anakhala pansi pa kamtengo nkupempha kuti afe.

Mulungu anachita chiyani? Anamulola agone. Mngelo anamudzutsa, ndipo kumutu kwake kunali mkate wootcha pamakala ndi mtsuko wa madzi. Anadya, anamwa, anagonanso. Mngelo anabwera kachiwiri nkumuuza adye, chifukwa ulendo unali wautali. Ndi mphamvu ya chakudya chimenecho anayenda masiku 40 kukafika ku Horebu, ndipo ndi kumeneko kumene Mulungu anakamba naye za utumiki wake.

Mwaona ndondomeko yake? Mkate, madzi ndi tulo zinayamba, mau a ulosi anabwera pambuyo. Amene anaumba thupi amadziwa zimene limafuna, ndipo sachita manyazi kusewenzetsa zinthu wamba.

ASILIKALI A M'THUPI

Mulungu anaika chitetezo m'thupi mwanu musanabadwe. Khungu ndi mpanda. Mamina ndi timaubweya ta m'mphuno zimagwira fumbi ndi tizilombo. M'magazi muli maselo oyera, aja achipatala amati asilikali a m'thupi, ndipo amapangidwa m'kati mwa mafupa tsiku lililonse. Ena amameza tizilombo, ena amasunga nkhope ya mdani kuti akadzabweranso amugwire msanga. Katemera amaphunzitsa asilikali amenewa mdani weniweni asanafike.

Asilikali amafuna chakudya, mpumulo ndi mpanda wolimba. Mukawamana zimenezi, palibe botolo limene lingakonze zinthu m'masiku atatu.

1. MBALE YANU

Nsima imapatsa mphamvu, koma asilikali amamangidwa ndi ndiwo. Kapenta, mazira, kayera, nyemba, nshawa ndi soya zimamanga thupi. Kapenta timadya ndi minga ndi mutu womwe, ndiye amalimbitsanso mafupa. Chibwabwa, bondwe, kalembula ndi repu zili ndi mavitamini ambiri, makamaka mukapanda kuziphika mpaka kufiira. Thirani nsinjiro kapena timafuta pang'ono, chifukwa vitamini A amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta.

Kandolo wofiira m'kati, maungu, mapapaya ndi kaloti zili ndi vitamini A, amene amasunga maso ndi khungu la m'kati mwa mphuno, mapapo ndi matumbo. Malalanje, mandimu, magwafa ndi mabuyu zili ndi vitamini C. Ufa wa roller uli ndi zofunika zambiri kuposa breakfast, ngakhale ena amauona ngati waumphawi.

Kanthu kena kakang'ono: tiyi womwera pa nsima amalepheretsa thupi kutenga bwino iron wa m'ndiwo zamasamba ndi kayera. Imwani tiyi pakapita nthawi, ndipo pa chakudya onjezani matimati kapena chipatso. Shuga wogulitsidwa muno m'Zambia anayamba kuikidwa vitamini A mu 1998, koma chimenecho si chilolezo chothira masupuni asanu m'kapu.

2. TULO

Munthu wamkulu amafunika maola 7 mpaka 9 usiku. Amene amagona pang'ono masiku ambiri amagwidwa chimfine msanga. Overnight ya Lachisanu ndi yabwino, koma konzani nthawi yopumula Loweruka. Ndipo tinene zoona, ambiri chimene chimatidyera tulo ndi foni yomweyi. Ikani pansi, pempherani, gonani. Eliya anagona kawiri mngelo ali pomwepo, ndipo sanadzudzulidwe.

3. MADZI OYERA NDI SOPO

Pa Deuteronomo 23:12-13 Mulungu analamula Aisraeli kukhala ndi malo odzithandizira kunja kwa msasa, ndi kukwirira zonyansa. Ukhondo ndi nkhani ya m'Baibulo. Sitinaiwale kolera imene inayamba mu October 2023, mpaka National Heroes Stadium ku Lusaka inasanduka malo othandizira odwala, masukulu nkuchedwa kutsegulidwa. Wiritsani madzi akumwa kapena thiranimo klorini. Sambani m'manja ndi sopo masekondi 20 mukachoka kuchimbudzi, mukasintha mwana thewera, komanso musanaphike ndi musanadye. Gonani mu neti. Matenda amene mwawatsekera pakhomo sadzatopetsa asilikali anu.

4. MIYENDO NDI MTIMA

Bungwe la World Health Organization limalangiza akuluakulu kuchita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Ndi mphindi 30 chabe masiku 5. Kuyenda mwandawala, kulima kadimba, kutsika basi patali pang'ono, zonsezo zimawerengedwa. Fodya amawononga timaubweya totsuka njira ya mpweya, ndipo mowa wambiri umafooketsa chitetezo.

Nkhawa yokhalitsa nayonso imadya thupi. Eliya ankaganiza kuti watsala yekha, koma Mulungu anamuuza kuti alipo ena 7,000, nkumupatsa Elisa kuti ayende naye. Musanyamule katundu nokha, m'bale wanga. Kambani ndi mtsogoleri wa cell kapena abusa. Ngati maganizo ofuna kufa akubwera, uzani munthu lero lomwe ndipo mupite naye kuchipatala.

NANGA MA SUPPLEMENT?

Ntchito yake ndi kudzaza pamene papelewera. Alipo anthu amene amawafunadi:

Amayi oyembekezera amalandira mapiritsi a iron ndi folic acid ku sikelo. Imwani mmene anesi akuuzirani.

Ana a miyezi 6 mpaka 59 amalandira vitamini A miyezi 6 iliyonse, ku under-five kapena pa Child Health Week. Musaphonye.

Mwana wotsegula m'mimba amapatsidwa ORS pamodzi ndi zinc wa masiku 10 mpaka 14. Malizani masiku onse ngakhale mwana ayambe kusewera.

Amene wapimidwa nkupezeka ndi magazi ochepa, kapena amene akuchira pambuyo podwala nthawi yaitali, dokotala angamulembere zoyenera.

Zambiri mwa zimenezi zimaperekedwa ulere ku kiliniki ya boma. Koma kwa munthu amene amadya bwino, kuunjika mavitamini sikuwonjezera asilikali. Vitamini C wochuluka amangotuluka ndi mkodzo, ndipo kwa anthu ambiri saletsa chimfine kubwera. Vitamini A amasungidwa m'chiwindi, akachuluka amavulaza, ndipo angawononge mwana wosabadwa. Zinc wambiri womwa nthawi yaitali amafooketsa chitetezo chimene mumafuna kulimbitsa. Mapiritsi a iron a amayi angaphe mwana wamng'ono akawameza ambiri, choncho abiseni pamwamba.

Inu amene mumamwa ma ARV, mverani bwino apa. Calcium, iron ndi mankhwala ena a chilungulira amatha kulepheretsa dolutegravir, amene ali m'piritsi la TLD, kulowa bwino m'magazi mukawamwera pamodzi. Zitsamba zina nazonso zimalimbana ndi mankhwala a kuchipatala. Tengani botolo lililonse mukawaonetse anesi kapena a ku pharmacy, akuuzeni ngati mungamwe ndi nthawi yake.

Musanagule, funsani mafunso atatu. Kodi ndani wandipima nkunena kuti ndikupelewera chimenechi? Kodi pabotolo alembapo zimene zili m'kati, amene anapanga, ndi tsiku lotha ntchito? Kodi wogulitsa akulonjeza chiyani? Botolo limodzi likamachiza shuga, BP, khansa, HIV ndi kusabereka, bwezani ndalama m'thumba. Muno m'dziko bungwe loyang'anira mankhwala ndi ZAMRA, ndipo pharmacy yovomerezeka imakhala ndi chiphaso. Inunso amene mumagulitsa, malonda si tchimo, koma musalonjeze wodwala machiritso kuti katundu ayende. Muyeso wonyenga Mulungu amadana nawo (Miyambo 11:1).

CHIKHULUPIRIRO NDI MAPIRITSI

Timakhulupirira kuti Yesu amachiritsa lero, ndipo tidzapitiriza kusanjika manja pa odwala. Aleluya! Koma taonani mmene Iye ankachitira. Ataukitsa mwana wa Yairo, analamula kuti amupatse chakudya (Marko 5:43). Akhate 10 aja anawatuma kwa ansembe, amene anali ndi udindo wotsimikizira kuti munthu wachira (Luka 17:14). Hezekiya anapemphera, Mulungu anayankha, ndipo Yesaya analamula kuti aike nkhuyu pa chotupa (2 Mafumu 20:7). Luka, amene analemba Uthenga Wabwino ndi buku la Machitidwe, anali sing'anga (Akolose 4:14).

Choncho mukapemphereredwa, pitirizani kumwa mankhwala anu a HIV, TB, BP, shuga kapena khunyu. Ngati mukumva kuti mwachira, pitani akakupimeni, ndipo wosintha mankhwala akhale dokotala. Viral load ikatsika mpaka osaoneka, yamikani Mulungu, koma dziwani kuti kachilombo kamangobisala, ndipo mukasiya ma ARV kamabwerera. Mankhwala a TB nthawi zambiri amamwedwa miyezi 6, ndipo kusiyira panjira kumabweretsa TB yosamva mankhwala. Satana anauza Yesu adzigwetse kuchokera pamwamba pa kachisi, nagwiritsa ntchito vesi, koma Yesu anakana kuyesa Mulungu (Mateyu 4:5-7). Aliyense wokuuzani kuti kutaya mapiritsi ndi chizindikiro cha chikhulupiriro, musamumvere, ngakhale atavala suti yoyera bwanji.

Pa kusala kudya: oyembekezera, oyamwitsa, odwala shuga ndi onse omwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, yambani mwafunsa kuchipatala, ndipo muuze abusa. Mungasale foni, TV kapena nyama, mapemphero anu adzamveka chimodzimodzi.

Ndipo musachedwe panyumba ndi mandimu ndi jinja. Zimafewetsa pakhosi, inde. Koma chifuwa chofika masabata awiri, kutuluka thukuta usiku, kuonda, kutentha thupi, kapena mwana wopuma mofulumira, zimenezo ndi za ku kiliniki.

ZOCHITA SABATA INO

Onjezani ndiwo zamasamba kapena chipatso pa chakudya tsiku lililonse. Sankhani ola loika foni pansi usiku. Onani khadi la under-five la mwana wanu ngati katemera ndi vitamini A zili m'malo. Ndipo khalani mngelo wa wina: pali m'bale m'komboni mwanu amene akumwa mankhwala ndi njala. M'pititsireni mbale ya kayera kapena mazira angapo, mukhale naye pansi, mupemphere naye.

ZOKAMBIRANA KU CELL

N'chifukwa chiyani Mulungu anayamba wadyetsa Eliya asanakambe naye za ntchito? Mungamuthandize bwanji mwachikondi m'bale amene wasiya mankhwala chifukwa anapemphereredwa?

PEMPHERO

Atate wakumwamba, zikomo chifukwa cha thupi limene munandipatsa. Ndipatseni chakudya cha lero ndi nzeru yochidya bwino. Ndipatseni tulo tabwino. Dalitsani madokotala ndi anesi athu, ndipo dalitsani mankhwala amene ndikumwa. Khudzani odwala onse a mumpingo uno, ndipo titetezeni kwa onyenga. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.

LENGEZANI MOKWEZA

Thupi langa ndi kachisi wa Mzimu Woyera, ndipo ndidzalisamalira. Ndidzapemphera, ndidzadya, ndidzagona, ndidzamwa mankhwala anga pa nthawi yake. Ulendo wanga ndi wautali, ndipo Yehova adzandifikitsa. Amen!

Tumizani uthenga uno kwa m'bale amene akudwala kapena akusamalira wodwala. Tionana Lachitatu pa mapemphero.