Chigayo chimene chinkadyetsa fodya

Amalume anga a kwa Kaluluma, kumpoto kwa Kasungu, ankapeza ndalama m'njira zitatu: munda wa fodya wa bale, chigayo cha m'mbali mwa msewu wa M1, ndi kalole kakale kotuta mabelo a anthu kupita ku okushoni ya ku Chinkhoma. Koma buku lolembamo ndalama linali limodzi, hadikava yakuda yokhala pansi pa matiresi. Zolowa kumanzere, zotuluka kumanja. Chaka chikatha ankawonkhetsa, akaona kuti kangachepe katsala, mtima unkakhala pansi.

Kuchigayo kunkakhala azakhali, nsidze zili mbuu ndi ufa. Ndalama zawo zinali timapepala tokwinyika ta amayi odzagayitsa ndowa imodzi. Madzulo ankazibweretsa m'jumbo, amalume n'kulemba mzere umodzi. Ulemu wonse unali wa fodya, poti amagulidwa pa madola. Pepala la ku okushoni likafika, maso a amalume ankathamangira nambala yapamwamba. Sankakumbuka kuti chimanga cha matenanti, mitengo ya zigafa, ziguduli ndi malipiro a aganyu osoka fodya zinkachokera m'jumbo lija, kuyambira pa nazale mu Seputembala mpaka msika utatsegulidwa mu Epulo.

Chaka china mitengo itakomako, anaganiza zogulitsa chigayo kuti awonjezere munda ndi matenanti.

"Bambo, chigayochi ndi chimene chimatigwira miyezi ya njala," anatero azakhali.

"Mayi, ndalama za ndowa sizimanga nyumba ya malata," anayankha amalume, natsegula hadikava kuwaonetsa chotsala cha chaka chatha. Nambalayo inali yoona, ndipo azakhali anasowa poigwira.

Chigayo chinagulitsidwa. Pofika Januwale chimanga cha matenanti chinatha, jumbo kulibe. Amalume anatenga katapila. Mabanja awiri anachoka usiku, fodya n'kupsera m'munda wosathyoledwa. Lole inafa injini ndipo inakhala pamiyala mpaka lero.

Ine ndinalitsegula bukulo mochedwa, nditayamba kuphunzira za akaunti. Ndinajambula mizere itatu, ndalama iliyonse n'kuibwezera kwawo. Chigayo chinkapindula chaka ndi chaka. Lole inkangodzibweza. Fodya, ukamuwerengera zonse zimene ankadya, zaka zambiri ankaluza. Ndinawawerengera amalume tili pakhonde. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Mphwanga, bukuli ndimalemba ndekha, silinandinamizepo." Silinawanamize ndithu. Linkangowauza za nkhokwe yonse, osanena kuti anankafumbwe ali mbali iti.

Vuto lomweli ndi limene bungwe lokonza malamulo a akaunti la IASB, la ku London, linkalimbana nalo potulutsa lamulo la IFRS 8 mu 2006, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2009 m'malo mwa IAS 14. Limakhudza makampani amene masheya awo amagulitsidwa poyera, monga a pa Malawi Stock Exchange ku Blantyre. Limati kampani ionetse nthambi zake payokhapayokha: nthambi iliyonse yofika 10 peresenti ya malonda, ya phindu kapena kuluza, kaya ya katundu wa kampani, ikhale ndi mzere wake, ndipo nthambi zoonetsedwazo zikwane 75 peresenti ya malonda onse ochita ndi makasitomala a kunja kwa kampaniyo. Ngati kasitomala mmodzi yekha akubweretsa 10 peresenti ya malonda, kampani inene. N'chifukwa chake mu lipoti la Press Corporation, yomwe ili ndi masheya mu National Bank of Malawi, TNM, PressCane ndi Ethco ya ku Dwangwa, za banki zili pazokha, za mafoni pazokha, za ethanol pazokhanso. Wogula masheya amatha kuona yemwe akusenza mnzake.

Komabe pali pamene ndimachita napo mantha. Lamuloli limati nthambi zigawidwe monga mmene akuluakulu a kampani amazionera okha popanga ziganizo, komanso limalola kuphatikiza nthambi zofanana. Ndiye ngati mkuluyo amaona zonse ngati mulu umodzi, inunso mudzalandira mulu. Amalume akanakhala kampani, akanatha kunena moona mtima kuti bizinesi yawo ndi imodzi, ulimi. Choncho mukatenga lipoti la pachaka musathere pa phindu la patsamba loyamba. Pitani kumapeto kumene kuli nthambi, muone ngati zagawidwa mofanana ndi chaka chatha, muonenso kukula kwa mzere wa "zina zonse".

Ku kalabu ndi ku kopaletivi yathu lamuloli silifika, ndiye kufunsa kuli kwa ife eni. Msungichuma akaima pamsonkhano nati chaka chino tapindula, imikani dzanja: soya wabweretsa zingati, mtedza zingati, fodya wadya zingati? Ena adzati mukukayikira anthu. Funsanibe.

Amalume anasiya fodya, tsopano amalima soya ndi mtedza pang'ono. Chigayo chija chikulirabe pamalo pomwe paja. Loweruka lililonse azakhali amasenza ndowa yawo ya chimanga kupita komweko, n'kukhala pamzere, ndalama yogayitsira ili pansonga ya chitenje.