CHIMWEMWE CHOSAPHWA M'CHILIMWE

Akristu okondedwa a ku Bwanje, ndi inu makatekisti amene mumaphunzitsa m'midzi: mawu awiri awa, chisangalalo ndi chimwemwe, timawatchula ngati amodzi, koma sali amodzi ayi.

Chisangalalo tonse tichidziwa. Chimadza thonje likagulidwa, nkhokwe ikadzala, ng'oma zikalira pa ukwati. Si choipa, pakuti Ambuye Yesu mwini anakhala nawo pa ukwati wa ku Kana. Koma chisangalalo chili ngati madzi a mvula m'chigwa chathu chino: m'dzinja amasefukira mpaka kukokolola minda, pofika Okutobala mwana amawoloka pa mchenga wouma. Ndalama za thonje zimathera ku mowa, ndipo bambo amene ankaimba mu Julaye mumam'peza mu Febuluwale akusaka ganyu, nkhope ili gwa. Sitinena izi momunyoza.

Kumunsi kwa chigwa, cha ku Mtakataka, kuli sikimu ya mpunga ya mahekitala 800 imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan. Madzi ake ankachokera mu mtsinje wa Namikokwe. Ngalande zinali zabwino, koma m'chilimwe mtsinje unkachepa, ndipo minda yambiri inkangokhala yosathiriridwa. Nchifukwa chake pambuyo pake anamanga damu losunga madzi a dzinja. Mtima wa Mkristu usowanso damu lotere.

Chimwemwe chenicheni ndi mphatso ya Mzimu Woyera. Paulo Woyera achiwerenga pakati pa zipatso za Mzimu (Agalatiya 5:22). Tsinde lake ndi kudziwa kuti Mulungu ndi Atate athu, kuti machimo athu akhululukidwa, ndi kuti imfa siili pothera pathu. Zitatu izi chiswe sichingazidye, wogula thonje sangazitsitse mtengo. Paulo yemweyo analamula Akristu a ku Filipi kuti azikondwa nthawi zonse, ndipo kalatayo anailemba ali m'ndende. Kizito Woyera wa ku Uganda, mnyamata wa zaka ngati 14, anatenthedwa pa moto ku Namugongo pa 3 Juni 1886 pamodzi ndi anzake, osataya mtima. Papa Paulo VI anawalemba m'gulu la oyera mu 1964. Kodi mnyamatayo anali ndi chosangalatsa chanji tsiku limenelo? Analibe. Anali ndi madzi osungidwa kale.

Wina adzafunsa: "Kodi ndiye kuti Mkristu asalire pa maliro?" Alire ndithu. Yesu analira pa manda a Lazaro. Chimwemwe sichiletsa misozi. Chimaletsa kutaya chikhulupiriro. Mayi amene waika mwana wake m'manda, nabweranso ku Misa Lamulungu lotsatira maso ali otupa, aposa ife tonse pa phunziro ili.

Damu silimangidwa chilala chitafika kale. Tsono nthawi yotunga chaulere cha Mulungu ndi ino, pamene muli moyo ndipo m'nyumba muli ufa: Misa ya Lamulungu, Sakramenti la Kulapa, Ukaristia, kolona ya madzulo pamodzi ndi ana. Onjezanipo kugawira wosauka, pakuti madzi ongoima amanunkha.

Inu makatekisti, pophunzitsa zimenezi musayambe ndi kudzudzula mowa ndi magule, anthu angaganize kuti Eklezia idana ndi kuseka. Yambani ndi kuwafunsa chimene chinawalimbitsa mtima pa njala ya 2002, ndipo muwasiye akulu ayankhe okha.