Sikelo Ikaima, Musalange Thupi

Pa 8 Disembala 2009, bambo wina wa ku Oklahoma m'dziko la America, dzina lake Danny Cahill, adakwera pa sikelo anthu mamiliyoni akuonera pa kanema. Miyezi isanu ndi iwiri m'mbuyomo ankalemera makilogalamu 195, koma usiku umenewo sikelo idaloza 87. Makilogalamu 108 adali atachoka, kuposa theka la thupi lake. Iye ndiye adapambana mpikisano wochepetsa thupi wa The Biggest Loser wa pa kanema wa NBC, ndipo adabwerera kwawo ndi madola 250,000.

Zimenezi sizidabwere ndi maula. Ali kumalo a mpikisano ankachita masewera olimbitsa thupi pafupifupi maola asanu ndi awiri patsiku. Atabwerera kunyumba kukakonzekera tsiku lomaliza, adasiya ntchito yake yoyeza malo kuti nthawi yonse ithere ku masewera. Ankafuna kuti tsiku lililonse thupi liwotche makalori 3,500 kuposa amene wadya. Makalori ndiwo muyezo wa mphamvu imene timapeza m'zakudya, ndipo munthu wamkulu amafunika 2,000 kapena 2,500 basi kuti tsiku lithe. Apa mutha kuona kukula kwa ngongole imene bamboyu ankaisenzetsa thupi lake dzuwa lililonse.

Makamera atazima, katswiri wina wa ku National Institutes of Health, Kevin Hall, adafuna kudziwa kumene anthu a mumpikisanowo adathera. Iye ndi anzake adayezanso anthu 14 patapita zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo zimene adapeza zidatuluka mu 2016 m'magazini ya madokotala yotchedwa Obesity. Tikawaphatikiza n'kugawa mofanana, aliyense adataya makilogalamu 58 pa mpikisano, koma 41 adabwerera. Anthu 13 mwa 14 aja adanenepanso, ndipo anayi ankalemera kuposa tsiku limene adalowa mumpikisano. Cahill adali atafika pa makilogalamu 134.

N'zosavuta kunena kuti adatayirira. Koma makina oyeza mpweya umene munthu amapuma adaonetsa nkhani ina. Matupi awo, akakhala phee osachita kanthu, ankawotcha makalori pafupifupi 500 patsiku kuchepera pa mlingo woyenera munthu wa msinkhu ndi thupi lotero. Kwa Cahill kusiyanako kudali 800. Ndiye kuti iye ndi mnzake wolemera mofanana naye, koma amene sadachepetsepo thupi, akadya mbale zofanana, Cahill ankanenepa mnzakeyo ali chimodzimodzi. Zaka zisanu ndi chimodzi zidadutsa, koma thupi lidali lisadaiwale njala ija.

Ambiri mwa ife sitidzataya makilogalamu 108 pa kanema. Komabe aliyense amene wayesapo kuchepetsa thupi amakumana ndi kachidutswa ka nkhani yomweyi. Mwezi woyamba sikelo imatsika mokondweretsa, lamba amafuna bowo latsopano, anzanu kuntchito amayamba kufunsa chinsinsi. Kenako sikelo ija imangoti njo! Sabata ziwiri, zitatu, zisanu, nambala ili pomwepo, chikhalirecho tiyi mukumwa wopanda shuga ndipo m'mamawa mukuthamanga. Kwa anthu ambiri zimenezi zimachitika pakatha pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi. Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna, ndipo chowagwetsa si kuima kwa sikelo koma zimene amachita chifukwa cha phuma.

Choyamba tidziwe kuti kutsika kwa masabata oyambirira kumanamiza. Thupi limasunga shuga m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo galamu iliyonse ya shuga ameneyu imasungidwa pamodzi ndi madzi pafupifupi magalamu atatu. Mukachepetsa nsima ndi buledi, nkhokwe imeneyi ndiyo imayamba kutha, madziwo n'kutuluka. Gawo lalikulu la makilogalamu oyamba aja ndi madzi. Mafuta enieni amachoka mwakachetechete, ndipo liwiro lawo silingafanane ndi la masiku oyambawo.

Chachiwiri, thupi laling'ono limadya zochepa. Chakudya chimene chinkakuchepetsani muli pa makilogalamu 95 chimangokhala chokwanira mukafika pa 85. Pamwamba pa izo thupi limayamba kuumira, monga amachitira mayi wanzeru akaona kuti ufa watsika m'thumba mwezi usanathe: mphika umachepa, zipande zimachepa, ndipo palibe chotayika. Munthu amayamba kukhala pansi msanga, kukwera minibasi pamtunda umene kale ankayenda, osazindikira n'komwe kuti wasintha.

Chachitatu ndi njala, ndipo iyi ndiyo yaikulu. Mu 1994 Jeffrey Friedman ndi anzake a ku Rockefeller University ku New York adatulukira leptin, homoni imene mafuta a m'thupi amatulutsa pouza ubongo kuti nkhokwe ili bwino. Mafuta akachepa, leptin imatsika, ubongo n'kuliza belu. Nayo ghrelin, homoni ya m'mimba yodzutsa njala, imakwera. Kafukufuku wa ku Melbourne, m'dziko la Australia, amene adatuluka mu 2011 adapeza kuti chaka chathunthu anthu atachepetsa thupi, mahomoni amenewa adali asadabwerere mwakale ndipo njala idali yokwerabe. Hall ndi anzake adawerengeranso kuti pa kilogalamu iliyonse imene munthu wataya, chilakolako cha chakudya chimakwera ndi makalori pafupifupi 100 patsiku. Wataya makilogalamu asanu ndi atatu akulimbana ndi thupi limene likupempha mbale yathunthu yowonjezera tsiku lililonse.

Sikelo ikaima, ganizo loyamba limakhala lakuti, "Basi, ndisiyiretu kudya masana." Njira imeneyi idayesedwa kale, ndipo mathero ake amadziwika. M'zaka za 1944 ndi 1945, Ancel Keys wa ku University of Minnesota adatenga anyamata athanzi 36 amene adadzipereka okha, n'kuwadyetsa pafupifupi theka la chakudya chawo kwa masabata 24. Adataya gawo limodzi mwa magawo anayi a thupi lawo. Mphamvu imene matupi awo ankawotcha akapuma idatsika ndi pafupifupi 40 pa 100 iliyonse. Adayamba kumva kuzizira, kupsa mtima msanga ndi kuganiza za chakudya usana ndi usiku, ena mpaka kutolera mabuku a kaphikidwe. Ataloledwa kudya mwaufulu, ambiri sankakhuta, ndipo patapita miyezi adali ndi mafuta ambiri kuposa poyamba. Kudzimana koopsa kumadya minofu pamodzi ndi mafuta, koma thupi likamabwerera, mafuta ndiwo amafika msanga.

Mbuna ina ili m'mapaketi okongola a tiyi ndi mapilisi ochepetsa thupi amene amatsatsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp. Tiyi wambiri wotere amakhala ndi senna, masamba otsegula m'mimba. Sikelo imatsikadi mawa lake, koma chimene chatuluka ndi madzi ndi mchere wa m'thupi, mafuta ali pomwepo. Mankhwala ena olembedwa kuti ndi zitsamba zokhazokha akhala akupezeka ndi sibutramine, mankhwala amene adachotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 chifukwa chowonjezera ngozi ya matenda a mtima ndi sitiroko. Palinso DNP, poizoni amene amatenthetsa thupi mpaka ziwalo kulephera ndipo alibe mankhwala omuletsa. Mu 2015 mtsikana wa zaka 21 adafera m'chipatala ku Shrewsbury, ku England, atamwa mapilisi a DNP amene adagula pa intaneti. Wogulitsa amakuonetsani zithunzi za "kale" ndi "tsopano", koma sakuuzani zimene zili m'kati mwa paketi.

Mbuna yachitatu ndiyo imameza anthu ambiri: kugwa ulesi n'kusiya zonse. Kwathu kuno imakhala ndi okankhira ake. Munthu akangotsika pang'ono, azakhali amamukokera pambali n'kunong'ona kuti, "Mwana wanga, mwaondatu chonchi, kodi kunyumbako kuli bwino? Kuchipatala mudapitako?" Pamene kunenepa kumaonedwa ngati chizindikiro cha kupeza bwino, ndipo kuonda kumakumbutsa anthu za matenda, pamafunika mtima wolimba kuti munthu apitirize, makamaka sikelo nayo itasiya kumulimbikitsa.

Nanga tichite chiyani? Tiyambe ndi chinthu chosakoma kumva. Mu 1992 madokotala a ku New York adayeza mosamala anthu amene ankanena kuti amadya makalori osafika 1,200 patsiku koma thupi silikutsika. Adapeza kuti anthuwo ankaiwala pafupifupi theka la zimene ankadya, ndipo masewera awo ankawakuza ndi theka. Sankanama dala ayi. Diso limazolowera, dzanja limatapa mowonjezera, ndipo zodya zoimirira siziwerengedwa. Taganizani za mandasi awiri a pa depoti, kachipisi ka pa chiwaya podikira mnzanu, mtedza wa m'kabati ya ku ofesi, nsima yotsala ya mwana imene mumati isatayike, ndi mabotolo a Loweruka madzulo. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120. Coca-Cola wa mamililita 330 ali ndi shuga wokwana magalamu 35, pafupifupi timasupuni tisanu ndi tinayi. Botolo limodzi lotere lingabweze mphamvu imene mwawotcha poyenda ndawala theka la ola.

Choncho musanadule chakudya china chilichonse, tengani kope mulembe zonse zolowa m'kamwa kwa sabata imodzi, ngakhale zolawa pophika. Kawirikawiri wakuba amapezeka momwemo, ndipo kukonza kwake kumakhala kochepa: mafuta oyeza ndi supuni m'malo mothira kuchokera m'botolo, madzi m'malo mwa zakumwa zotsekemera, chipande chimodzi cha nsima ya mgaiwa m'malo mwa ziwiri, theka la mbale likhale mpiru, chisoso, bonongwe kapena nkhwani. Musamane thupi nyemba, nandolo, usipa, mazira ndi soya, chifukwa zimenezi zimakhalitsa m'mimba ndipo zimateteza minofu.

Minofuyo ipatseni ntchito. Bungwe la World Health Organization limalangiza munthu wamkulu kuchita masewera apakatikati, monga kuyenda ndawala, mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, komanso masewera olimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposa. Sizifuna jimu yolipira: zigubu ziwiri za madzi, kunjuta n'kudzuka, kukwera chitunda, khasu la kudimba, zonsezi zimagwira ntchito. Gonani maola osachepera asanu ndi awiri, pakuti wosagona mokwanira amadzuka ndi njala yaikulu. Pagulu la Cahill lija, amene adakwanitsa kusunga thupi lotsikirapo adali amene adapitiriza masewera ambiri, pafupifupi mphindi 80 za masewera apakatikati patsiku. Ku America komweko kuli kaundula wa National Weight Control Registry, amene Rena Wing ndi James Hill adayambitsa mu 1994, wa anthu oposa 10,000 amene adataya makilogalamu osachepera 13 n'kukhala osabwerera kwa chaka kapena kuposa. Ambiri mwa iwo amachita masewera pafupifupi ola limodzi patsiku, makamaka kuyenda pansi, amadya kadzutsa, ndipo amadziyeza kamodzi kapena kuposa pa sabata. Palibe chozizwitsa pa zimenezi, koma amazichita chaka ndi chaka.

Sikelo nayo muichepetse udindo. Madzi okha, mchere wa dzulo, kapena masiku a kumwezi kwa amayi, zingasinthe nambala ndi kilogalamu imodzi kapena ziwiri. Dziyezeni m'mamawa musanadye, tsiku lomwelomwelo sabata iliyonse, ndipo muziweruza pa mwezi, osati pa tsiku. Bwerekani tepi ya telala muyeze mimba pa mchombo, pakuti nthawi zina chiuno chimatsika sikelo ili chiimire. Yezetsani shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kafukufuku wamkulu wa Diabetes Prevention Program, amene adatuluka mu 2002, adatenga anthu oposa 3,000 amene shuga wawo adali atayamba kukwera. Amene adalangizidwa kutaya 7 pa 100 iliyonse ya thupi lawo ndi kuchita masewera mphindi 150 pa sabata adachepetsa ngozi ya matenda a shuga ndi 58 pa 100 iliyonse. Kwa munthu wa makilogalamu 90, amenewo ndi pafupifupi makilogalamu asanu ndi imodzi okha. Mwina pamene mwaimapo, pamene mukupayesa polephera, mwapata kale phindu lalikulu la ulendo wonse.

Ngati mwachita zonsezi miyezi iwiri kapena itatu popanda kusintha, kaonaneni ndi dokotala. Matenda a chithokomiro ndi mankhwala ena, monga insulin, prednisolone ndi ma ARV ena, amatha kunenepetsa. Koma musasiye mankhwala panokha chifukwa cha sikelo; moyo umaposa chiuno.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Theka la kilogalamu pa sabata ndi liwiro lokwanira, ndipo mwezi umene thupi langoima osabwerera m'mbuyo ndi mwezi wopambana. Musayambe kadyedwe kamene simungakapirire zaka zisanu, ndipo musamwe chilichonse chimene wogulitsa sangakuuzeni zimene zili m'kati mwake. Sikelo ikaima, tengani kope, konzani mbale, mawa m'mamawa muvale nsapato mupitirize kuyenda.