Malangizo: Foni ikakana kumaliza update

Inu a ku Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje, foni ikalephera kumaliza update, musathamangire kunena kuti yafa. Ntchitoyi ili ndi magawo awiri. Gawo loyamba ndi kukopera fayilo pa intaneti, ndipo fayiloyo nthawi zina imaposa 1 GB. Netiweki ikaduka apa, mafoni ambiri a Android amangodikira, n’kupitiriza ikabwerera. Choopsa chili pa gawo lachiwiri, pamene foni ikuika pulogalamu yatsopanoyo: batire ikathera pamenepo, foni ikhoza kukana kuyaka. Ife a m’chigwa tikudziwa kuti magetsi sachedwa kuthima. Mu 2022 namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko lonse linavutika miyezi yambiri. Choncho tchajani kaye foni idzaze, yambani usiku pamene anthu achepa pa netiweki komanso kunja kwazizirako, pakuti kutentha kwa kuno mu Okutobala kumafooketsa batire.

Ena amati bandulo ndi yodula, bola kungoisiya update. Nkhawayo ndi yomveka ndithu. Komatu update ndiyo imatseka mipata imene akuba amalowera m’foni, foni yomweyo imene mumasungiramo ndalama za Airtel Money kapena Mpamba. Ichedwetseni mpaka mutapeza netiweki yabwino, koma chonde musaisiyiretu.