KUTHYOLA SITIROBERI: NCHITO YA BANJA LONSE

Munthu wokwera phiri la Zomba pa mseu wa ku Chawe amakumana ndi anyamata ogulitsa zipatso zofiira m'timadengu. Dzina lache la zipatsozi ndi sitiroberi. Mbeu imeneyi ikonda malo ozizira, ndipo nchifukwa chache ichita bwino pa phirili, limene nsonga yache ipitirira mamita 2,000.

Kumene inachokera

Sitiroberi imene ilimidwa lero inayambira ku Brittany, m'dziko la France, cha m'ma 1750. Kumeneko mitundu iwiri inabzalidwa moyandikana ndipo inasakanizika. Mtundu wina unachokera ku North America. Unzache unachokera ku Chile, ndipo amene anafika nao ku France m'chaka cha 1714 ndiye Amédée-François Frézier.

Mwambo wa ku Mangalande

Ku Mangalande chipatsochi chimapsa makamaka m'miyezi ya June ndi July. Pa nyengo imeneyo alimi ena amalola anthu kulowa m'munda kukadzithyolera okha. Bambo, mai ndi ana alandira kadengu pa chipata, nathyola monga afuna. Potuluka mwini munda ayesa zipatsozo pa sikelo, ndipo iwo alipira monga mwa kulemera kwache.

Onse apindulapo. Mlimi salemba aganyu ambiri, ndiponso sabvutika ndi mtengatenga wa ku msika. Banja lidya chipatso chothyoledwa tsiku lomwelo, ndipo ana aona ndi maso ao kumene chakudya chichokera. Mlimi wokhala pafupi ndi tauni kapena ndi malo ofikako alendo angathe kuganizirapo bwino pa njira imeneyi.

Chifukwa chache kuthyola kufunika luso

Nthochi ndi mango zimapsa ziri m'nyumba, koma sitiroberi siitero. Ikathyoledwa yosapsa siionjezanso kutsekemera. Khungu lachenso ndi lopyapyala: ikafinyika pang'ono chabe iyamba kuola, niolesa zinzache m'dengu. Motero dzanja losasamala lingathe kuononga pa ora limodzi nchito ya miyezi yambiri. Malamulo ache ndi awa:

1. Nthawi yabwino ndiyo m'mawa, mame atauma, dzuwa lisanatenthe. Chipatso chonyowa sichichedwa kuchita nkhungu.

2. Chothyoledwa chikhale chofiira ponseponse. Chokhala ndi nsonga yoyera chisiyidwe. Chidzapsa patapita masiku awiri kapena atatu.

3. Chipatso chisakokedwe. Wothyola atsine kaphesi ndi chikhadabo, kuti timasamba tobiriwira ta pamutu titsalire pa chipatsocho.

4. Dengu likhale losazama, pakuti zapamwamba zikachuluka zimaphwanya zapansi.

5. Zoola zichotsedwe ndi kutayidwa kutali ndi munda, kuti nthenda isafalikire.

6. Dengu likadzala liikidwe pa mthunzi. Zipatso zisatsukidwe kufikira nthawi yakudya, ndipo zidyedwe kapena kugulitsidwa pasanathe masiku awiri.

7. Ngati m'munda munapoperedwa mankhwala, mlimi asalole munthu kuthyola masiku olembedwa pa botolo asanakwane.

Udindo wa makolo

Ana ndiwo aona msanga zipatso zobisala kunsi kwa masamba, chifukwa ali pafupi ndi nthaka. Koma ayenera kulangizidwa asanalowe m'munda. Ayende m'mikwasa, osati pa mizere, pakuti mbeuyi imayala timinono pansi, ndipo pa timinonoto ndipo pamera mbande zimene mlimi adzaokera. Asasunthe udzu wouma umene mlimi anayala, chifukwa ndiwo uletsa zipatso kugona pa dothi. Asadye zosayesedwa pa sikelo popanda chilolezo, pakuti ndizo ndalama za mwini munda. Akulu anati tsamba likagwa manyazi agwira mtengo. Mwana akapondaponda munda wa eni, mlandu uli pa makolo.

Phindu lache m'thupi

Sitiroberi iri ndi vitamini C wochuluka monga lalanje. Vitamini ameneyu athandiza zilonda kupola ndi nkhama kulimba.

Kwa aphunzitsi

Aphunzitsi a m'madera ozizira angathe kupempha mlimi wapafupi kuti ana akaone munda wache. Pobwera ana afunsidwe: Chifukwa ninji sitiroberi siithyoledwa yaiwisi monga nthochi? Udzu wouma ugwira nchito yanji? Mbande zatsopano zichokera kuti? Mwana woyankha bwino mafunso atatuwa ayenera kupatsidwa mzere wache m'dimba la sukulu.